Mphanda za pa Tsamba 47

Lolemba, 10 Febuluwale

Nkhani ndi iyi. Lamlungu likubwerali kuli Mgonero, ndipo amayi akufuna kukadyera kutchalitchi, osati pakhomo. Zaka eyite-sikisi, ndodo kudzanja, pakamwa pakadali pakuthwa. Tchalitchi chili tsidya lija la ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu muno mu Lubuto, ukaima pakhonde denga lake umaliona. Koma thabwa limene tinkawolokera linapita ndi mvula milungu itatu yapitayo. Njira yozungulira ndi yaitali, matope okhaokha, galimoto silowa.

Akulu a mpingo ati abweretsa Mgonero kunyumba. Amayi: "Amabweretsera odwala. Ine ndikudwala chiyani?" Kenako motsitsa mawu, akuuza mpongozi wawo, mkazi wanga NaBanda, osati ine: "Winawo sindikudziwa ngati udzandipeza." Ndamva ndili kuseri kwa chitseko. Mtima wandiwawa m'mawa wonse.

Ndiye ndimanga mlatho. Ineyo! Zaka sate ndinali kalaliki ku ofesi ya mgodi ku Kitwe, mapepala a mainjiniya ankadutsa m'manja mwangamu tsiku ndi tsiku. Sizingatheke kuti palibe chimene chinatsalira.

Masana, ku msika wa Masala. Pakati pa ogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zija, bambo wina wayala mabuku pa saka. Ndipo nali! Buku la kamangidwe ka milatho, lolembedwa kalekale nthawi ya atsamunda koma losindikizidwanso, chikuto chatsopano chotuwa. Vuto ndi loti alimanga ndi chingwe pamodzi ndi lina la msinkhu womwewo, chikuto chomwecho, lonena za malonda a akapolo. Ine ndikufuna limodzi basi. Wogulitsa sakudzutsa n'komwe mutu: "Aya yendela pamo, ba shikulu. Tengani yonse olo siyani yonse." Akuti amayendera limodzi, ndipo ba shikulu, agogo, ndi ineyo. Ndatenga onse.

Zofunika:
- mitengo
- matabwa
- misomali
- magalasi atsopano (awa diso lakumanzere linasweka pa Khirisimasi, koma adikire)
- kuti NaBanda asanenepo kanthu

Chomalizachi chalephereka kale. "Mlatho? Inu amene shelefu ya m'khitchini inakukanikani?" Shelefu ija inagwa chifukwa cha khoma, aliyense akudziwa.

Buku la akapolo ndaliika pamwamba pa wadirobu. Silikundikhudza.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndikuwerenga patebulo, NaBanda akutulukira ndi buku la pa wadirobu lija, waligwira ndi zala ziwiri. "Ine sindigona ndi chinthu ichi m'chipinda." Waliponya pamwamba pa langa. Guluu wa mabuku onse awiri ndi wachabechabe, ndiye mapepala mbwee pansi ponse!

Palibe vuto. Iyi ndiye ntchito yanga yeniyeni. Amene ali ndi mitsinje ndi zipilala, ku buku la milatho. Amene ali ndi zombo ndi mapu, ku linalo, osayang'anitsitsa. Kenako kutsata manambala. Buku la milatho likudumpha kuchoka pa 46 kufika pa 49, ndipo pansi pa mpando patsala pepala limodzi lolembedwa 47, kumbuyo kwake koyera. Chithunzi cha mtengo ndi chitsulo. Ndalilowetsa pamalo pake. Zaka sate sindinasokonezepo fayilo.

Chithunzicho ndi chabwino kuposa zonse za m'bukumo, chifukwa zinazo ndi milatho ya sitima, yofuna miyala yodzadza malole. Ichi ndi chapafupi: mtengo wowongoka wa mphanda kumwamba, mabowo awiri kunsonga za mphandayo, chitsulo chopyoza kutseka pakamwa pake. Miyeso yonse yalembedwa. N'zoonekeratu: uzika mphanda m'madzi, ugoneka mtengo wopingasa m'katimo, utseka ndi chitsulo kuti madzi asaunyamule. Azungu akale anali ndi nzeru!

Chimodzi chokha sindikuchikonda. M'masamba ena muli chala. Chala chachikulu cha munthu, chotuwa, chikhadabo chowengedwa bwino, chosindikizidwa papepala pamodzi ndi mawu. Pa tsamba 12 chili pakona. Pa 30 chakwera pang'ono. Pa 47 chaphimba mawu onse a pansi pa chithunzi.

Ndaimbira mwana wanga Chikondi ku Kitwe. Akuseka. Akuti mabuku otere amangojambula lakale tsamba ndi tsamba pa makina, ndiye chala cha wogwira pepala chimalowa nawo. "Palibe za mizimu apo, adadi." Ndani wanena za mizimu? Ine ndangofunsa.

Komabe ndikawerenga ndikumaika supuni pamwamba pa chalacho.

Ndayeza ngalande: mapazi anga naini. Madzi ofika m'mawondo, ofiira, akuthamanga. Mphanda sikisi zikwana, zitatu mbali iyi, zitatu mbali iyo.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ku Masala kachiwiri, tsamba 47 lili m'thumba la jekete.

Ogulitsa mitengo avomera kudula monga mwa miyeso. Mmodzi akuti mphanda yakeyo yachepa pakamwa, mtengo wa mlatho sungalowemo. Ndamufunsa ngati analembapo buku. Watola chikwanje n'kuyamba kudula.

Wowotcherera zitsulo, dzina lake Mulenga, watembenuza pepala uku ndi uku nthawi yaitali. "Ichi chinthu ninachionapo penapake, ba shikulu." Kuti? Sakukumbuka. Walibweza msangamsanga n'kupukuta dzanja pa ovolosi. Zitsulo zikhala zokonzeka mawa.

Pobwera kunyumba ndapeza buku la akapolo pa mpando wa amayi, pakhonde. Dzulo ndinalisiya pansi pa wailesi. NaBanda akuti iye ayi. Amayi sawerenga Chingerezi, ndipo nditawafunsa angondiyang'ana n'kufunsa ngati ndadya.

Ndaliika m'kabati ya mbale, kuseri kwa makapu a alendo.

Mvula kuyambira fotini awazi. Ngalande ikulira ngati chigayo.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Mphanda zatheka! Zisanu wanyamula bambo wa wilibala, yachisanu ndi chimodzi ndasenza ndekha paphewa kuti anthu aone kuti mu Lubuto mudakali amuna.

Ndikulemba ichi chifukwa buku ili ndi langa, palibe wina aliwerenge. Pafupi ndi pamene amayi ena amagulitsa matimati ndaterereka. Mtengo wadumpha paphewa, mphanda yagwera m'khosi mwanga. Yalowa yokha. Yakwana ndendende, osathina, osakhwepa, ngati telala anachita kundiyeza. Mabowo awiri aja ali kumbuyo kwa makutu anga. Amayi a matimati anayamba kuseka, kenako angosiya, onse nthawi imodzi. Bambo wa wilibala wandivula, ndipo njira yonse yotsala wayenda patsogolo, osacheuka.

Mtengo wake ndi wozizira modabwitsa. N'chifukwa cha mvula, basi.

Masana. Mavuto:
1. Mtengo wopingasa sukulowa m'mphanda. Wa ku Masala uja ananena zoona, koma sindipita kukamuuza.
2. Ndausema ndi nkhwangwa mpaka walowa. Tsopano waonda kwambiri.
3. Galu wa a Phiri oyandikana nafe, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, wagona kutali, mutu pansi, akungoyang'ana mphandazo. Ndamuponyera fupa pafupi nazo. Fupa lidakali pomwepo.
4. Nkhuku za NaBanda sizikupita kuseri.
5. Buku lija m'kabati mulibe.

Ndakumba, ndazika zonse sikisi, madzi akundikoka miyendo. A Phiri, amene amapemphera ku Pente, andithandiza kugwira ziwiri, kenako akumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mapemphero.

Amake Esinati, a Mboni aja a kuseri kwa mpanda, aima ndi chikwama chawo cha timabuku. Nthawi zonse amandipatsa kamodzi, ine n'kukana mwaulemu. Lero sanatulutse. Angoti: "Vioneka monga ni bantu baimilila mu manzi." Akuti zikuoneka ngati anthu aimirira m'madzi.

Ndaseka. Atachoka ndayang'ana. Dzuwa la madzulo likuwomba cham'mbali, mitengo sikisi yaima pamzere, iliyonse yaweramira kutsogolo pang'ono, mbali imodzimodzi. Ine ndinazika zowongoka. Ndalowa m'nyumba kukamwa tiyi.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Watha!! Matabwa akhomedwa, zitsulo zonse sikisi zatsekedwa. Teni awazi mlatho uli chiimire. NaBanda wabwera, manja m'chiuno, wayang'ana, ndipo sananene kanthu. Pa zaka sate-faifi za ukwati, uku ndiye kuyamikira.

Ndakhala pa mpando kudikira woyamba kuwoloka.

Amene adutsa mpaka thwelofu:
- amayi awiri opita kuchigayo: akwinya zitenje, alowa m'madzi pambali pa mlatho
- bambo wa njinga ya makala: wanyamula njinga, m'madzi
- mphunzitsi wa tayi: waponda thabwa loyamba, wabweza phazi, wavula nsapato
- galu: ayi

Ndawoloka ndekha kuti aone. Sukugwedezeka kwambiri. Koma ukaponda pakati, mitengo ikukhuzana ndi zitsulo n'kutulutsa kaphokoso, osati ka thabwa, kapansipansi, ngati munthu wotopa amene sakufuna kuti ena amve. Ndabwerera mofulumira. Ndimathira mafuta a njinga.

Masana. Ndakatenga amayi. Tikuyenda pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, ine ndikulongosola za miyeso. Tafika. Aima. Sakuyang'ana matabwa, akuyang'ana mphanda, imodzi imodzi, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Kunja kwangoti zii, ngakhale wailesi ya a Phiri yazima.

"Iwe, magoli awa wakupatsa ndani?"

Ndati si magoli, amayi, ndi mphanda za mlatho, zili m'buku.

"Ine pakhosi pa munthu sindiponda."

Atembenuka okha, osafuna dzanja langa.

Ndawapeza pakhonde, buku lija lili pamiyendo. Linali pansi pa pilo wawo. Akuti akhala akuona zithunzi kuyambira Lachitatu, ndipo palibe anawafunsa bwino. Alitsegula, andipatsa. Tsamba 46, kenako 49. Pakati palibe kanthu. Pa 49 pali mzere wa anthu akuyenda m'tchire, amuna ndi akazi, aliyense mtengo wa mphanda m'khosi, chitsulo kumbuyo kwa makutu. Miyeso yomweyo. Ndatulutsa 47 m'jekete, ndaliika pakati. Pong'ambika pake pagwirizana. La buku la milatho liyenera kuti linasowa kale ndisanagule.

Safunsa anadya phula. Mulenga anandiuza, wa mitengo anandiuza, khosi langa lomwe linandiuza.

Amayi sanandikalipire, ndipo ndikadakonda akadatero. Angonena akuyang'ana kumsewu: "Agogo anga aakazi ku Nkhotakota ankavala mpango m'khosi ngakhale mu Okutobala. Ine ndinkawasambitsa atakalamba. Ndinaona." Ndadikira kuti apitirize. Apempha madzi akumwa.

Zaka sikisite-thu ndili mwana wawo, sindinamvepo zimenezi. Mtengo wa akapolo wa m'tauni muno, umene amati pansi pake ankagulitsirapo anthu, ndaudutsa kambirimbiri popita kukalipira magetsi, ndimayesa ndi nkhani ya anthu ena, ya alendo ojambula zithunzi. Manyazi andigwira mpaka chakudya chandikanika.

Loweruka, 15 Febuluwale

Kugwetsa n'kosavuta kusiyana ndi kumanga. Eyiti awazi zonse zili pabwalo, matabwa uko, magoli sikisi agona pamzere pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Tsopano ndikuwatchula dzina lawo.

Nkhani yafika Lubuto yense. Malangizo amene ndalandira osapempha:
- A Phiri: mafuta odzozera ndi moto, abusa awo angathe kubwera ndi sipika
- Amake Esinati: akufa sadziwa kanthu, ndi mitengo chabe, koma pabwalo sakulowa
- NaBanda: magetsi kulibe kuyambira dzulo, makala akwera, nkhuni ndi nkhuni
- Chikondi pa foni: "Adadi, jambulani munditumizire." Sindijambula.

Amayi atulutsa mpando wawo, akhala moyang'anana nawo. Za nkhuni akana: "Chakudya chophikira pamenepo mudya nokha." Za moto wa a Phiri akananso. Andilozera hamala ndi ndodo.

"Zula zitsulozo. Atuluke."

Atuluke ndani? Sindinafunse. Ndagwada m'matope, ndayamba kugogoda. Chitsulo choyamba chagwa. Amayi, motsitsa, osati kwa ine: "Pita kwanu." Chachiwiri. "Pita kwanu." NaBanda wasiya kutsuka mbale, waima pakhomo ndi thovu m'manja. A Phiri avula chipewa kuseri kwa mpanda. Dzuwa lili phwee, koma ine msana ukuzizira.

Chachisanu ndi chimodzi chakana. Ndi goli lija linandigwera m'khosi, ndikulidziwa chifukwa cha mfundo ya pambali. Ndamenya, ndamenya, ndadzimenya chala. Amayi: "Usachite ukali. Gogoda bwino." Ndagogoda bwino. Chatuluka.

Kenako akuti tsopano ndi mitengo wamba, ndipatse amake Esinati akwezere maungu awo. Amake Esinati atenga iwiri yokha, mwaulemu. Galu wabwera kudzatenga fupa lake.

Koma mawa ndi Lamlungu, ndipo mlatho palibe!

Njira yachangu: ndalumikiza matabwa awiriawiri ndi misomali, ndawagoneka pangalande opanda mizati, miyala ikuluikulu kunsonga. Ndawoloka kawiri. Akupindika koma akupirira. Mphunzitsi wa tayi uja wawoloka osavula nsapato. Mwina zitheka!

Fifitini awazi, mvula ya matalala.

Sikisitini awazi, ndaima pakhonde kuonerera matabwa anga akupita cha ku Masala, motsogozana. Miyala yatsala. NaBanda waima pambali panga. Wandibweretsera tiyi wa shuga wambiri.

Amayi akusita duku lawo ndi simbi ya makala ngati palibe chachitika.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Seveni awazi amayi avala kale. Bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi a mpingo, siketi yakuda, duku, buku la nyimbo m'chikwama. Akhala pakhonde, akudikira. Ndayesa kunena za akulu a mpingo aja. Angokonza duku n'kuyang'ana kungalande.

Madzi atsika pang'ono, akufika pamwamba pa mawondo.

Ndavala suti. Ndapinda thalauza mpaka pamene lingapindikire. Nsapato, masokosi ndi ndodo wanyamula NaBanda. M'mphepete mwa ngalande ndagwada, ndawapatsa msana. Munthu wa zaka sikisite-thu, mkulu wopuma wa mu ofesi, Lubuto yense akuonerera pamipanda!

"Undinyamule bwino, sindine thumba la makala."

Sakulemera. Ichi ndicho chandiopsa kuposa zonse za sabata ino. Ndimayembekezera kuti mawondo andivuta, koma ndadzuka ngati ndabereka mtolo wa zovala. Sindinadziwe kuti atha chonchi.

Talowa m'madzi. Pansi poterera, madzi akukoka. Manja awo ali pamapewa anga, zala zakanirira jekete. Ndati, gwirani m'khosi amayi, mugwa.

"Ayi."

Pakati phazi lalowa m'dzenje limene ndinakumba ndekha Lachinayi. Ndapendekeka, madzi afika m'chiuno, NaBanda wakuwa. Ndati amayi chonde, m'khosi!

"Ndati ayi. Yenda."

Ndayenda.

Tafika nyimbo yoyamba ili pakati. Alowa ndi miyendo yawo, ndodo patsogolo, mpaka ku benchi yawo yachitatu. Siketi yanyowa m'munsi mokha. Ine ndakhala kumbuyo kwenikweni, pansi panga pakuchita chithaphwi, mkulu wolandira alendo akundiyang'ana ndi diso limodzi. Mkate utafika kwa iwo atambasula dzanja. Alandira. Ine misozi yandituluka, ndanamizira chimfine.

Pobwerera chimodzimodzi, msana womwewo.

Mlatho sindimanganso. Ngalande ilipo, mvula ilipo mpaka Epulo, suti ndiye yatha ntchito. Mabuku awiri aja ali pa mpando wa amayi, akuti ndisawagwire, tsamba 47 alibweza okha pamalo pake ndi phala la ufa.

Povula malaya NaBanda wandiyang'ana kumsana. Akuti paphewa lililonse pali mabala anayi a zikhadabo, ena akutuluka magazi pang'ono. M'khosi mulibe kanthu.